Agogo, Chule ndi Chivwende

Mnyamata wa kampeni anafika pakhomo pa agogo dzuwa litakwera, mu July 2021, kumapazi kuli mbuu ndi fumbi, chitenje chopinda bwino chili m'khwapa. Anawapeza ali pamphasa akutong'ola chimanga. Ananjuta, anaomba m'manja, nayamba kulakatula mawu amene, malinga ndi mmene ankatulukira, anali atawanena kale pamakomo makumi awiri m'mawa womwewo. Agogo sanadzutse n'komwe mutu. Anangomukankhira lichero ndi phazi.

"Khala apa mwanawe, uzitong'ola uku ukulankhula. Manja asagone pamene pakamwa pali pantchito."

Mnyamata uja anakhaladi pansi. Pomwe zitsononkho zinkaunjikana pambali pake, anali atalonjeza mjigo, mlatho wa pamtsinje, feteleza wofika mvula isanagwe ndi mankhwala kuchipatala. Agogo ankangoti "eya", "ndamva", "pitiriza". Lichero litadzaza analandira chitenje chija, anachitambasula, anachiunika padzuwa ngati ali pamsika, anachikoka uku ndi uku, kenaka anapukusa mutu.

"Ukawauze akuluakulu ako kuti anzawo amene anabwera Lachiwiri anabweretsa nsalu yokhuthala. Iyi kuchapa kawiri yasuluka."

Ine ndinali pakhonde ndi kapu ya tiyi, ndipo ndinaseka mpaka kutsamwa. Mwana wa eni uja anachoka akukanda m'mutu, zala zili ndi matuza, osadziwa ngati wapeza voti kapena wangogwira ganyu yaulere. Koma chimene chinanditulutsa misozi n'chakuti mayi ameneyu ndimamudziwa kuyambira kale. Ndi yemwe uja amene ndili mwana ankatsitsa mawu akafuna kutchula mawu oti boma, ngakhale tili awiriwiri m'munda, pakati pa mizere ya chimanga, popanda ngakhale galu womvetsera.

Ife kwathu kwenikweni ndi ku Katete. Malemu agogo aamuna anabwera kudzagwira ntchito pafamu ina kufupi ndi Chalimbana, ndipo atatopa ndi za azungu anapempha malo kwa anyakwawa a m'dziko la Mfumu Yaikulu Nkomeshya, pakati pa Asoli. Anapatsidwa, ndipo ife tinabadwira komweko, m'boma la Chongwe, ulendo wosakwana ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Lusaka ukatsata msewu wa Great East. Pamapu ndi pafupi. Koma m'masiku amene ndikunenawa, Lusaka anali kutali ngati kumwezi, ndipo chilichonse chochokera kumeneko tinkachilandira ndi manja awiri, kaya ndi sopo, kaya ndi lamulo.

Chuma chachikulu cha agogo nthawi imeneyo chinkakhala m'kachitini ka mafuta odzola, kamene ankakabisa kudenga. Munali reji yawo, kalata ya ubatizo, ndi khadi la chipani. Pa zitatuzi, lofunika kwambiri linali khadi. Reji inkangonena kuti ndiwe Mzambia, kalata ya ubatizo inkathandiza za kumwamba, koma khadi ndilo linkakulowetsa mumsika ndi kukukweza basi. Anyamata a chipani, amene ankatchedwa mavijilanti, ankaima pachipata. Tsiku lina agogo anaiwala kachitini kaja, ndipo mnyamata wina, wamng'ono kwa mwana wawo wachisanu, anawabweza ndi dengu lawo la tomato. Anayenda ulendo wonse wobwerera osatulutsa liwu. Atafika kunyumba anangoti, "Ndalakwa ndine." Tomato anaolera m'dengu.

Chipani chinali chimodzi, UNIP, ndipo chinakhala chokha mwalamulo. Mu February 1972 boma linaletsa chipani cha UPP cha Simon Kapwepwe, mnzake wa Pulezidenti Kenneth Kaunda wa paubwana, n'kumutsekera. Komiti ya Mainza Chona inazungulira dziko kufunsa anthu mmene akufunira kuti ulamuliro wa chipani chimodzi uyendere. Funso loti kodi akuufuna silinalipo pamndandanda. Mu December chaka chomwecho lamulo linasainidwa, ndipo mu June 1973 ku Choma, Harry Nkumbula ndi ANC yake analowa m'khola lomwelo. Kuyambira pamenepo munthu wodandaula ankayamba wacheuka. Tinali ndi dzina la anthu amene ankamvetsera m'mabawa ndi m'mabasi n'kukanena, tinkawatcha mashushushu, ndipo mphamvu yawo inali yakuti palibe ankadziwa kuti ndi ndani. Mwina m'mudzi mwathu munalibe ngakhale mmodzi. Agogo ankakhulupirira kuti alipo atatu.

Ndiye panali mizere. Mtengo wa kopa utagwa pakati pa zaka za m'ma 1970, ngongole zinakwera, katundu anayamba kusowa m'masitolo a boma monga ZCBC ndi NIEC. Ife a kumudzi chimanga tinali nacho, koma sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira zinali za pamzere. Lamulo la agogo tikapita kutauni linali lakuti ukaona mzere uyambe waimapo, za chimene akugulitsa ufunse uli kale pamenepo. Tsiku lina tinaima maola awiri, ndipo titafika kutsogolo tinapeza kuti akugulitsa makandulo. Tinagula.

Chisankho chinkachitika ndithu, zaka zisanu zilizonse: 1973, 1978, 1983, 1988. Pa aphungu panali kampikisano, chifukwa anthu angapo a chipani chomwecho ankaloledwa kulimbirana mpando umodzi, ngakhale komiti yaikulu ya chipani inali ndi mphamvu yochotsa dzina lililonse losaikomera. Nduna zina zinkagwadi. Koma pa mpando wa pulezidenti woimira anali mmodzi, ndipo wovota ankangosankha pakati pa inde ndi ayi. Popeza ambiri sankadziwa kuwerenga, anaika zithunzi. Inde chinali chiwombankhanga, mbalame ya pambendera. Ayi, pa zisankho zimene ine ndimakumbukira, anali chule.

Amene anaganiza zimenezi ankawadziwa bwino anthu ake. Ndani angadzuke m'mamawa, kusamba, kuvala nsalu yatsopano, kuyenda mtunda, kuti akapatse dziko kwa chule? Akuluakulu amati chule anadabwa m'madzi muli mwake, koma chule wa ku Zambia ayenera kuti anadabwa koposa, kupezeka akupikisana ndi mtsogoleri wa dziko popanda womufunsa. M'zaka za m'ma 1980 chiwombankhanga chinkapeza mavoti oposa 90 pa 100 alionse. Ndikukumbuka agogo akubwera kuchokera kusukulu komwe ankavotera, chala chili ndi inki, nkhope ili gwa. Ndinawathamangira.

"Agogo, mwavotera ndani?"

Ananditsina khutu mpaka ndinaona nyenyezi masana. "Amunanga, pakamwa pako padzatiphetsa." Usiku umenewo sanadye nsima.

Ndisawanamizire a Kaunda, chifukwa agogo atamva kuti ndalemba zoipa zokhazokha angandilande mbale. Munthu ameneyu anamanga masukulu m'midzi momwe atsamunda sanasiyemo kanthu, anatsegula yunivesite mu 1966, ana a alimi anaphunzira osalipira, ndipo anagwirizanitsa mitundu yoposa 70 pamene maiko oyandikana nafe ankayaka moto. Atamwalira pa 17 June 2021, agogo analira ngati wafa mlongo wawo. Ankamukonda munthuyo, ndipo ankamuopanso, zonse ziwiri mumtima umodzi.

Chimene chinaphwanya mphika ndi ufa. Mu December 1986 mtengo wake utakwera, anthu a ku Copperbelt anachita zipolowe. Mu June 1990 unakweranso kuwirikiza, ndipo ulendo uno moto unabuka mu Lusaka momwe, masitolo anaswedwa, anthu anafa. M'mamawa wa pa 30 June msilikali wina, Mwamba Luchembe, analowa pawailesi ya boma n'kulengeza kuti asilikali atenga dziko. Zinangotha maola ochepa, koma m'maola amenewo anthu anavina m'misewu ya mu Lusaka, ndipo akuluakulu a chipani anaona ndi maso awo chimene chule ankalephera kuwauza. Kwathu agogo atamva mawu a msilikaliyo anazimitsa wailesi, anachotsa mabatire, anaikulunga m'chiguduli n'kukaikwirira m'nkhokwe pansi pa chimanga, kuopa kuti angadzafunsidwe chifukwa chake inalankhula zotero m'nyumba mwawo. Inakhala mmenemo sabata yathunthu.

Mwezi wotsatira, anthu a mabungwe a antchito, maloya, ophunzira ndi andale akale anakumana ku hotela ya Garden House mu Lusaka n'kuyambitsa MMD. Kaunda poyamba anati pachitike riferendamu, kenaka anaona kuti n'kutaya nthawi, ndipo mu December 1990 anasaina kuchotsa ndime ya malamulo yoletsa zipani zina. Chizindikiro cha MMD chinali wotchi, ndipo anyamata ankakweza chala chachikulu ndi chamkombaphala ngati mivi yake. Agogo ankatimenya manja tikayerekeza kutero pabwalo.

Pa 31 October 1991 anapita kukavota atavala nsalu ziwiri, akuti mwina akagona kupolisi. Frederick Chiluba, mkulu wa mabungwe a antchito, munthu wamfupi wa masuti ambiri, anapeza mavoti pafupifupi atatu mwa anayi alionse. MMD inatenga mipando 125 mwa 150, ndipo 25 yotsalayo inapita ku UNIP, yambiri mwa iyo kwathu kum'mawa, nkhani imene abale a ku Katete ankainyadira ndipo Asoli anzathu ankatiseka nayo. Kenaka panachitika chinthu chimene agogo sanachikhulupirire ngakhale wailesi inachinena katatu: Kaunda anavomera kuti wagonja, ananyamula katundu wake, natuluka ku State House.

Agogo anadikira masiku atatu kuti wina abwere kudzamanga anthu. Sanabwere aliyense. Tsiku lachinayi anakwera pampando, anatsitsa kachitini kaja, anatulutsa khadi, analipinda kanayi n'kuliika pansi pa mwendo wa tebulo umene unali waufupi chigulireni. Tebulo linasiya kugwedera. Khadilo lilipobe mpaka lero pamalo omwewo, ndipo agogo amati pa zaka zonse zija, ntchito yeniyeni linaiyamba tsiku limenelo.

Patapita zaka ziwiri achibale a ku Mchinji anatumiza uthenga kuti nawonso kwawo zatheka, nyali yagonjetsa tambala wakuda pa riferendamu ya pa 14 June 1993. Agogo anayankha monyada ngati mkulu amene anayamba kutha msinkhu, kuti auzidwe kuti akabwera adzawaphunzitsa mavotedwe.

Sikuti kunagwa mana. Makampani a boma anagulitsidwa, anthu anachotsedwa ntchito miyandamiyanda, feteleza wotsika mtengo anasowa, ndipo mlimi anayamba kugulitsa chimanga kwa aliyense wobwera ndi sikelo yake. Masitolo anadzaza katundu nthawi yomwe m'matumba munauma. Atsogoleri atsopano nawo sanachedwe kuphunzira makhalidwe akale. Mu 1996 anasintha malamulo kuti munthu amene makolo ake anabadwira kunja asaime, cholinga chili pa Kaunda amene makolo ake anachokera ku Nyasaland, ndipo UNIP inanyanyala chisankho. Mu 2001 Chiluba anafuna kachitatu. Matchalitchi, maloya ndi mabungwe anamukanira, anthu anavala timaliboni tobiriwira, oyendetsa galimoto ankaliza mahutala, mpaka anagonja. Ndi chaka chimenecho pomwe ndinamva koyamba agogo akunyoza pulezidenti mokweza, ali pachitsime, pamaso pa amayi asanu ndi awiri. Ndinacheuka ine. Iwo sanacheuke.

Kuyambira pamenepo anayamba kusonkhanitsa zitenje. M'chipinda mwawo muli sutikesi yachitsulo, ndipo mukaitsegula mumapeza mbiri yonse ya ndale za dziko lino itapindidwa bwinobwino, ikununkha mankhwala a njenjete. Muli zabuluu za wotchi, za nkhope ya Levy Mwanawasa amene anapambana mu 2001 ndi mavoti osakwana 30 pa 100, za Rupiah Banda, zobiriwira za bwato la PF, zofiira za dzanja la UPND kuyambira nthawi ya Anderson Mazoka, ndi zina za tizipani timene tinafa kalekale, toti ngakhale eni ake anaiwala. Palibe chimene anakana. Chilichonse chili ndi ntchito yake. China n'chotchinga pakhomo la bafa, china amayanikapo ufa, china chinafungatira nkhuku yokhalira mazira nthawi yachisanu. Zidzukulutudzi zonse zinaberekedwa kumsana pankhope za atsogoleri, ndipo zina mwa izo zinachita pankhopepo zimene makanda amachita. Ndipo poti chitenje chimavalidwa mmene chimavalidwira, palibe mtsogoleri wa dziko lino amene agogo sanamukhalirepo.

Mu 2011 a PF anabwera ndi mawu oti donchi kubeba, kutanthauza kuti landira zimene akukupatsa koma usawauze kumene voti yako ikupita. Anyamata ankaika chala pamilomo, nyimbo ikugunda m'maminibasi onse. Agogo anakwiya ndithu. Anati nzeru imeneyo ndi yawo, akhala akuigwiritsa ntchito zaka khumi, ndipo wina waiba osalipira. Pa 20 September chaka chimenecho Michael Sata, atalephera katatu, anagonjetsa Rupiah Banda, ndipo MMD inatuluka pakhomo lomwe inatulutsira UNIP. Banda anatsanzika akupukuta misozi ndi kampango. Ulendo uno agogo sanadikire masiku atatu. Anapha nkhuku tsiku lomwelo, osanena ngati ndi yachisangalalo kapena yachipepeso.

Ndinawafunsapo ngati sachita manyazi kulandira nsalu za zipani zonse. Anandiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chake mbuzi imadya udzu.

"Amunanga, phungu wathu wavala zingati?"

Ndinasowa poyankha. Sylvia Masebo anapambana mpando wa Chongwe mu 2001 ali ku ZRP, mu 2006 ali ku MMD, mu 2011 ali ku PF, ndipo mu 2021 ali ku UPND. Mpando umodzi, munthu mmodzi, zipani zinayi. Japhen Mwakalombe, amene anautenga mu 2016 ali ku PF, naye anadzera ku MMD. Akatswiri a ndale amadandaula nazo zimenezi, amati zipani zathu zilibe mizu, n'zongotsata munthu ndi mphepo, ndipo sakunama. Koma kwa mayi amene anabwezedwa pachipata cha msika chifukwa chosowa khadi la chipani chimodzi chokhacho, kuona akuluakulu akuthamanga uku ndi uku kufunafuna chipani choti anthu achikonde ndi sewero losatopetsa.

Amene sanasunthe ndi mmodzi. Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II yakhala pampando kuyambira m'zaka za m'ma 1970. M'nthawi ya chipani chimodzi inatumikirapo m'boma la Kaunda, pamene mafumu ankaloledwa kutero, malamulo a 1996 asananene kuti mfumu yofuna ndale iyambe yatula ufumu. Yaona atsogoleri asanu ndi awiri a dziko, ndipo mzinda wa Lusaka womwe amakhalamo uli pa nthaka ya Asoli. Chaka ndi chaka mvula ikayandikira, pamwambo wa Chakwela Makumbi, mfumuyi imapempha mvula kwa Mulungu ndi makolo, imayatsa munda n'kubzala mbewu zoyamba, andale ali pamipando ya alendo kudikira nthawi yawo yolankhula. Agogo saphonya mwambowu. Amati amapita kukaona magule, koma ine ndikudziwa kuti amapita kukawerenga kuti chaka chino pamipando yakutsogolo pakhala nkhope ziti, ndipo za chaka chatha zakankhidwira mzere wachingati.

Mantha anayesa kubwerera, osati kamodzi. Anyamata a pachipata aja anaukanso ndi dzina latsopano, makada, n'kulanda misika ndi masiteshoni a basi mu Lusaka, kutolera ndalama ngati khonsolo. Pofika 2016 ndi 2021 munthu ankatha kumenyedwa chifukwa cha mtundu wa malaya. Hakainde Hichilema wa UPND anakhala m'ndende miyezi inayi mu 2017 pa mlandu woukira boma, chifukwa cha mkangano wa magalimoto pamsewu wa ku Mongu. Apa m'pamene anthu anatulukira chivwende: kunja kobiriwira, m'kati mofiira. Munthu ankavala zobiriwira kuti agulitse bwino pamsika, mtima uli kwina. Agogo atamva fanizoli anaseka mpaka kutsokomola, nati a ku Zambia akadzasiya kuchenjera dziko lidzatha. Koma anawonjeza kuti iwo si chivwende. Iwo ndi dzungu, ndipo mtundu wa m'kati mwake udziwika ndi mpeni wokha.

Pa 12 August 2021 anandidzutsa nkhuku zisanalire. Anavala chitenje cha kumpingo, poti za zipani siziloledwa pamalo ovotera, anamanga reji ndi khadi lovotera pakona ya mpango. Titafika pasukulu tinapeza mzere wafika kale kumpanda, wodzaza achinyamata amene sanaonepo chule papepala, ena atafunda mabulangete. Anawapatsa njira agogo kuti apite kutsogolo monga okalamba. Anakana. Anati pa moyo wawo aima pamizere ya sopo, ya mchere ndi ya makandulo, ndiye uwu wokha, umene kutsogolo kwake kuli chinthu chenicheni, wina asawalande. Anaima maola atatu akucheza ndi ana a sukulu za ukachenjede, kuwafotokozera za wailesi ya m'nkhokwe. Patapita masiku anayi zotsatira zinatuluka: Hichilema, pa ulendo wake wachisanu ndi chimodzi, mavoti pafupifupi 2.8 miliyoni, Edgar Lungu wa PF 1.8 miliyoni. Lungu anavomera. Kachitatu chipani cholamula chinatuluka ndi pepala lokha. Makada anasowa pamasiteshoni ngati mame, ndipo malaya obiriwira ambiri anasanduka zokolopera.

Madzulo ena ndinkawawerengera nkhani za chisankho cha ku India cha 2024. Ndinawauza kuti kumeneko olembetsa kuvota amaposa 900 miliyoni, kuti amavota m'magawo asanu ndi awiri kwa milungu ingapo, kuti nyumba yawo ya malamulo ili ndi mipando 543, ndipo nduna yaikulu imachokera m'nyumbamo, kotero kuti chipani cha Narendra Modi chitapeza mipando 240 yokha chinayenera kupempha tizipani tina kuti chilamule. Zonsezi sizinawakhudze. Chinawadzutsa n'chakuti nakonso amavotera zithunzi: duwa, dzanja, tsache, njinga.

"Chule aliko?"

Ndinati sindinamuone. Ndinawafotokozeranso kuti dzikolo lili ndi zigawo 28, chilichonse ndi boma lake, nyumba yake ya malamulo ndi nduna yaikulu yake, moti chipani cholamula ku Delhi chimatha kukhala chotsutsa ku Kerala kapena ku Tamil Nadu. Nditatchula kuti dongosolo lotere ndi la chitaganya, nkhope inasintha. Kwa anthu a msinkhu wawo mawu amenewa amatanthauza chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland cha 1953 mpaka 1963, chimene chinkakokera ndalama za kopa ku Salisbury. N'chifukwa chake Zambia inabadwa yokonda mphamvu zonse pamalo amodzi, moti ngakhale pangano la Barotseland la 1964, limene linapatsa Alozi kaufulu kodziyendetsera zina, linafafanizidwa pofika 1969, ndipo bala lake silinapole mpaka pano. Zigawo zathu khumi zilibe nyumba za malamulo, nduna zake amasankha ndi pulezidenti.

Komabe mphamvu ija yayamba kudontha pang'onopang'ono kutsikira kumunsi, ndipo njira yake ndi thumba la chitukuko cha m'dera la phungu, limene aliyense amangoti CDF. Linayamba mu 1995 lili kandalama kogulira malata ochepa. Pofika 2021 linali K1.6 miliyoni pa dera lililonse. Mu bajeti ya 2022 linalumpha kufika K25.7 miliyoni, ndipo lakhala likukwerabe. Ndalamazi zimamanga zipinda zophunziriramo, zimagula madesiki, zimakumba mijigo, zimalipirira ana kusukulu zogonera komweko ndi zaluso, zina zimapita ku magulu a amayi ndi achinyamata. Zofuna za anthu zimayenera kuyambira m'makomiti a m'mawodi. Mavuto alipo, osabisa: mapepala amachedwa, makontilakita ena amathawa khoma lili m'chiuno, ndipo amene ali pafupi ndi mphika sasowa kunyambita. Chitaganya sichinafike. Koma msonkhano wokambirana ndalama za boma ukuchitikira pansi pa mtengo, m'chilankhulo chimene agogo amamva.

Ndinawaperekeza ku msonkhano umodzi wotere. Munabwera akuluakulu a mabuku m'manja, anafotokoza bwino za mapulani. Atafunsa ngati pali funso, agogo anadzuka ndi ndodo yawo, pang'onopang'ono, mafupa akulira. Mayi yemwe uja wa tomato woola.

"Ana anga, ine sukulu sindinapite. Mwati mamiliyoni angati?"

Anawauza.

"Nanga mjigo umodzi ndi mamiliyoni angati?"

Anati sufika ngakhale miliyoni imodzi.

"Ndiye ine ndikumwabe madzi limodzi ndi ng'ombe chifukwa chiyani? Lembani pamenepo. Ndikufuna ndione cholembera chikuyenda."

Cholembera chinayenda. Amayi analuluta, wina anagwa pabenchi ndi kuseka, ndipo mkulu wa mabukuyo anati, "Amama, tamva," akupukuta thukuta. Agogo asanakhale pansi anawonjeza kuti chala chawo chidakali chabwinobwino ndipo inki sichiiopa. Mjigowo unatenga chaka ndi miyezi, ndipo agogo anapitanso kawiri kukakumbutsa, koma unakumbidwa, uli pafupi ndi mtengo wa mango kuseri kwa tchalitchi.

Tsiku lina mu December, mvula itagwa usiku wonse, ndinawaperekeza kumjigoko. Iwo sapopanso, amangopita kukayang'anira, ngati mwini. M'ngalande ya simenti momwe mumadutsa madzi otayika munakhala chule wamkulu, wonenepa, maso ali tuzu. Kamnyamata kena kanatola mwala.

"Iwe! Siya!" Ndodo inali kale m'mwamba. "Ameneyo ndi munthu wanga."

Ana anaseka. Ine ndinawayang'ana. Anakhala pachidebe chovundikira, anakonza chitenje chawo, chimene tsiku limenelo chinali cha chipani china chimene chinatha ine ndisanakwatire, nanditcha ndi chala kuti ndiyandikire. Anatsitsa mawu monga ankachitira kale m'munda muja, koma maso akuseka.

"Amunanga, tsiku lija ndinakutsina khutu. Ukukumbuka?"

Ndinati khutulo likukumbuka.

"Ndinachonga pa ameneyu. Chifukwa cha tomato wanga. Ndinatuluka m'kachipinda muja miyendo ikunjenjemera, ndinkangoona ngati pepala lija likunditsatira. Mwezi wathunthu galimoto ikalira kumsewu ndinkathawira m'chimanga. Ngakhale agogo ako aamuna anapita kumanda osadziwa."

"Nanga za 2021, agogo? Munachonga pati?"

Anatambasula dzanja n'kundigwira khutu lomwe lija, mofatsa ulendo uno.

"Udzafunsenso pakapita zaka makumi atatu. Tapopa madzi, chidebe chikudikira."